Tsiku Limene Komputadolo Inaiwala Intaneti

1. Makiyi ndi senya

Loweruka lija Benvinda anafika pasikola mame asanaume. Mphepo ya mwezi wa Juni yochokera ku mapiri a Domwe inkalasa m'makutu, koma iye anatsika panjinga thukuta lili kamukamu. Anali atapalasa ngati akuthamangitsidwa.

Benvinda anali ndi zaka khumi ndi zisanu n'chimodzi, ndipo ankaphunzira kalasi ya 10. Dzinja lonse iye ndi mnzake Marisa ankayeza chinyezi m'munda wa mbatatesi wa pasikola ndi kachipangizo kokwana m'manja. Kenaka Benvinda analemba pulogalamu yowerenga manambalawo n'kuchenjeza masiku amene chiwawu chingagwire mbatatesi. Ntchito yawoyo inasankhidwa pa mpikisano wa sayansi wa chigawo chonse. Tsiku limeneli, ikakwana 14 ora masana, oweruza a ku Tete ankafuna kuiona ikugwira ntchito kudzera pa vidiyo.

A pulofesora Celina, aphunzitsi a makomputadolo, anali atapita ku Tete ku maphunziro a aphunzitsi. Dzulo lake, asanakwere shapa, minibasi yopita ku Tete, anamupatsa Benvinda makiyi a sala, chipinda cha makomputadolo, namunong'oneza senya, mawu achinsinsi otsegulira komputadolo yaikulu.

"Benvinda, senya imeneyi sindinaipatsepo mwana wa sikola aliyense," anatero a Celina. "Ndikukupatsa chifukwa ndakuona kusamala kwako. Komputadolo yaikuluyi ndi yokhayo ili ndi kamera, ndiponso pulogalamu yanu ili momwemo. Ukayatsa, ikupempha kuti ulowetse zatsopano. Usavomere. Zatsopano sizoipa, koma zili ndi tsiku lake. Sitisintha denga la nyumba tsiku limene kukubwera alendo. Ndikabwera Lachiwiri tidzachitira limodzi, tili ndi nthawi yokonza ngati china chitavuta. Wamva?"

"Ndamva, a pulofesora," anayankha Benvinda, maso ali pa makiyi.

2. Batani lobiriwira

Marisa anafika atanyamula mabulauzi awiri oyera, ositasita, opinda bwino m'pulasitiki. Atsikanawo anasesa m'sala, napukuta kamera ndi nsonga ya chitenje, nayeserera zokayankhula kawiri konse. Aliyense akalakwitsa liwu la Chipwitikizi, onse ankaseka mpaka kugwira m'mimba.

Poyesa vidiyo, chithunzi chinkaima pang'ono kenaka n'kuyendanso. Nthawi yomweyo pakona pa galasi la komputadolo panatuluka kauthenga kakuti pali zatsopano zokwana 143, ndipo pansi pake panali batani lobiriwira.

"Mwina n'chifukwa chake vidiyo ikudukaduka," anatero Benvinda. "Zinthu zake n'zakale."

"Koma a pulofesora ananena kuti chiyani?"

"Ananena, inde. Koma taona, ino ndi 10 ora. Tili ndi maola anayi athunthu. Oweruza akatione bwinobwino, osati nkhope zouma ngati zithunzi za pa chiphaso."

Marisa anakweza mapewa. Benvinda anadina batanilo, nalemba senya. Mizere inathamanga pagalasi kwa mphindi makumi anayi, iye akuvina pampando. Pomaliza komputadolo inapempha kuti izime n'kuyakanso, ndipo iye anavomera.

Inayaka bwino lomwe. Pulogalamu yawo inalipo, kamera inalipo. Koma kachizindikiro ka intaneti ka pakona kanali katasowa. Benvinda anatsegula tsamba la mpikisano, tsambalo linakana. Anazimitsa n'kuyatsanso, koma sizinasinthe. Anaimbira a Celina, foni yawo inali yozimitsa.

"Ndiye tatha basi," anatero Marisa motsitsa mawu.

3. Atiyo Hermínio alowa m'sala

Benvinda anatenga foni ya Marisa n'kuyamba kufufuza. Mayankho anabwera ambirimbiri. Wina ankati fufutani zonse muyambirenso. Wina analemba mzere wautali wa malamulo, nati ongoukoperani, zitheka pompo.

"Lemba umenewo," anatero Marisa. "Akuti unawathandiza anthu ambiri."

Benvinda anali atalemba kale theka la mzerewo pamene chitseko chinalira. Analowa a Hermínio, alonda a pasikolapo, amene ana onse ankawatchula kuti Atiyo, kutanthauza amalume. Anali bambo wa imvi, wovala jekete ziwiri chifukwa cha kuzizira. Pa nthawi ya nkhondo anathawira ku Dedza ali mnyamata, ndipo kumeneko anaphunzira kukonza mawailesi pamsika. Anabwerera kwawo nkhondo itatha.

"Kuseka kuja kwathera kuti?" anafunsa a Hermínio.

Atsikanawo anawafotokozera zonse. A Hermínio anayang'ana pagalasi, nafunsa kuti, "Zimene ukulembazo zikutanthauza chiyani?"

"Sindikudziwa bwinobwino, Atiyo. Koma akuti zimathandiza."

"Chotsa kaye zala pamenepo," anatero iwo, nakoka mpando. "Ine za makomputadolo sindizidziwa. Koma ndinakonza mawailesi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinaononga ambiri ndisanaphunzire. Wailesi yoyamba imene anandibweretsera ndinaimasula yonse, waya uliwonse, chonsecho vuto linali batire loikidwa chozondotsa. Mwini wake sanandilankhulenso mpaka lero. Ndiye mvera, mwana wanga. Uyambe ndi zakunja, zooneka ndi maso, kenaka uzilowa m'kati pang'onopang'ono. Usinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, chifukwa ukasintha zitatu n'kuchira, sudziwa chimene chachiritsa, ndipo chikafa sudziwa chimene chapha. Chilichonse chimene wachita ulembe m'kope. Ndipo mankhwala amene sukuwadziwa usamwetse wodwala, ngakhale anthu zana atawayamikira. Anachiritsa matenda awo, osati ako. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Benvinda anafufuta theka la mzere lija. Anatulutsa kope lake la maphunziro a makomputadolo, natsegula tsamba loyera.

4. Kusaka

Anayamba ndi kabokosi ka intaneti ka pakhoma. Timagetsi take tonse tinkaphethira. Foni ya Marisa inkalandira intaneti kuchokera m'kabokosi komweko popanda vuto. Benvinda analemba kuti: Kabokosi kali bwino.

Kenaka chingwe. Anachizula kumbuyo kwa komputadolo yaikulu n'kuchilowetsa mu ina yakale ya pambali, yopanda kamera. Imeneyo inalowa pa intaneti nthawi yomweyo. Analemba kuti: Chingwe chili bwino.

"Ndiye kuti matenda ali m'nyumba," anatero a Hermínio. "Tsopano lowa."

Benvinda anabweza chingwe, natsegula zenera lakuda lolembamo malamulo. Anatembenuza masamba a kope lake mpaka anapeza phunziro la mwezi wa Marichi, nalemba `ip link`, lamulo loonetsa njira zimene komputadolo imalumikizira. Dzina la pulaka silinaoneke.

"Pulaka n'chiyaninso?" anafunsa a Hermínio.

"Ndi kachitsulo ka m'kati kamene chingwechi chimalowamo, Atiyo. Ndi kamene kamalandira intaneti."

"Mwina kapsa," anatero Marisa.

Benvinda analemba lamulo lachiwiri, `lspci -k`, lotchula zitsulo zonse za m'kati. Anayendetsa chala pagalasi mzere ndi mzere, kenaka anadumpha pampando.

"Iyi apa. Pulaka ilipo, sinapse. Marisa, taona. Chitsulo chilichonse chili ndi kamzere pansi pake kotchula dirayiva wake. Ichi chili nako, ichinso chili nako. Koma pulaka ilibe."

Anayamba kufotokoza mothamanga, mawu akupondana. M'kati mwa komputadolo muli pulogalamu yaikulu yotchedwa kenelo, imene imalamula zitsulo zonse. Koma kenelo siyankhula ndi chitsulo payokha. Imafuna kapulogalamu komasulira, kotchedwa dirayiva. Pulaka yawoyi inagulidwa ku Kalomwe pamene yoyamba inafa, ndipo a Celina anachita kuikira okha dirayiva wake.

Analemba lamulo lachitatu, `uname -r`, lofunsa nambala ya kenelo. Pagalasi panatuluka 6.8. M'kope mwake, pa phunziro la Marichi, munalembedwa 5.15.

"Kenelo yasintha," anatero Benvinda, akumenya tebulo ndi chala. "Dirayiva uja anapangidwira yakale. Yatsopanoyi sakudziwana nayo."

"Nanga yakaleyo yapita kuti?" anafunsa a Hermínio. "Ine ndikachotsa kachitsulo m'wailesi sindinkataya tsiku lomwelo. Ndinkasunga m'kachitini, kuopa kuti chatsopano chingakane."

Benvinda anawayang'ana kukamwa kuli yasa. Anatenganso foni ya Marisa, koma tsopano ankadziwa chimene akufunsa. Yankho linali lalifupi ndiponso lomveka: kenelo yakale imatsala momwemo. Komputadolo ikamayaka, munthu agwire batani la Shift, ndipo patuluka mndandanda wosankhapo.

Anazimitsa n'kuyatsa, chala chili pa batanilo. Panatuluka galasi lakuda la mizere yoyera. Anasankha mzere wachiwiri, pamene panalembedwa kuti *Opções avançadas*, kutanthauza zosankha zapadera, ndipo manambala awiri aja anaoneka, 6.8 pamwamba, 5.15 pansi pake. Anasankha yapansiyo.

Onse atatu anayang'anitsitsa pagalasi. Komputadolo inayaka. Kumbuyo kwake, pamene chingwe chimalowera, kagetsi kobiriwira kanaphethira, ndipo kachizindikiro ka pakona kanabwerera. Tsamba la mpikisano linatseguka.

Marisa analulutira. Atsikanawo anagwirana manja n'kuzungulira pakati pa matebulo mpaka anagwetsa mpando. A Hermínio ankangoseka, akuwomba m'manja pang'onopang'ono. Nthawi inali 12 ora ndi theka.

5. Foni ilira

"Tsopano ndikonze zenizeni," anatero Benvinda, akupuma mwabefu. "Ndimupangire dirayiva kenelo yatsopanoyo. Ndaona mmene amachitira."

"Ayi," anatero a Hermínio. "Ngolo ikatuluka m'matope sukhotetsanso ng'ombe kuti ukaone pamene inatitimira. Kafikitse katundu kaye. M'mawa uja unalakwa chifukwa cha changu, ndipo changu chomwecho chabweranso chitavala malaya ena. Ikugwira ntchito, isiye."

Benvinda anachotsa manja pa kiyibodi, nawaika pamiyendo. A Hermínio anatuluka kukaona kuchipata.

Marisa anayandikira. "Ndiye a pulofesora asamve. Zonse zabwerera mwakale. Atiyo sanena kanthu. Ukawauza akulanda senya, mwinanso atichotsa mu mpikisano."

Asanayankhe, foni ya Benvinda inalira. Anali a Celina, atatuluka kukadya.

"Ndapeza kuti unandiimbira. Zonse zili bwino?"

Marisa anagwedeza mutu mwamphamvu, akuloza chizindikiro cha intaneti. Benvinda anayang'ana chizindikirocho, nayang'ana tsamba la m'kope lodzaza ndi zimene anachita.

"Pano zili bwino, a pulofesora. Koma ndinalakwa. Ndinadina batani lija munandiletsa."

Anawafotokozera zonse motsatana, akuwerenga m'kope: kabokosi, chingwe, pulaka, dirayiva, manambala awiri a kenelo. 

"Benvinda, ndakhumudwa," anatero a Celina. "Ndinakuuza momveka, ndipo unati wamva. Senya ija ndidzaisintha ndikabwera, ndipo sudzaigwiranso mpaka teremu ino ithe. Komputadolo imeneyo si yako wekha. Ana mazana atatu amaphunzirira pomwepo. Koma mvetsera bwino, chifukwa ukanandibisira sukanamva chimene ndikuuze tsopano. Kenelo yakale wasankhayo ndi ya ulendo uno wokha. Komputadoloyo ikangozima n'kuyakanso, ibwerera ku yatsopano, ndipo intaneti isowanso. Usadzadzidzimuke. Lemba njira yonse papepala, ulimate pambali pa galasi. Lachiwiri tidzatsitsa mafayilo amene kenelo yatsopano ikufuna, timumangenso dirayiva, ndipo udzachita ndiwe, ine nditaima pambuyo pako. Kenaka udzafotokozera kalasi yonse zimene unalakwitsa ndi mmene unapezera vuto."

"Chabwino, a pulofesora."

"Ndipo kusakako wasaka bwino. Anthu ena amene ndili nawo kuno akanafufuta zonse. Kavaleni mabulauzi."

Benvinda atadula foni, Marisa anapumira m'mwamba. "Senya yapita."

"Yapita. Ndipatse pepala."

Analemba ndi zilembo zazikulu: Gwira Shift isanayake. Sankha mzere wachiwiri. Sankha 5.15. Anamata pepalalo pambali pa galasi.

6. Mphindi zisanu ndi ziwiri

Anavala mabulauzi oyera aja, nakonzana makolala. Kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri kuti 14 ora ikwane, magetsi anathima. Galasi linada. Pasanathe mphindi imodzi magetsi anabweranso, monga amachitira kumeneko mphepo ikakula, ndipo komputadolo inayaka yokha. Chizindikiro cha intaneti panalibe.

Marisa anagwira kumutu. "Yafanso. Tiyambirenso kuona chingwe?"

"Ayi. Ndi zija ananena a pulofesora. Werenga pepala."

Marisa anawerenga mokweza. Benvinda anazimitsa n'kuyatsa, koma anachedwa kugwira batani, ndipo mndandanda uja sunatuluke. Anadikira kuti imalize kuyaka, milomo ikuyenda ngati akuwerenga masekondi. Kunatsala mphindi zinayi. Anazimitsanso, ndipo ulendo uno chala chinali pa batani isanayambe n'komwe kulira. Galasi lakuda linatuluka. Mzere wachiwiri. 5.15.

Kagetsi kobiriwira kanaphethira kutatsala mphindi imodzi.

Pagalasi panaoneka oweruza atatu atakhala kuseri kwa tebulo lalitali, chokupizira mphepo chikuzungulira pamwamba pawo. Mayi wa magalasi amene anakhala pakati anaseka ataona atsikanawo akunjenjemera.

"Kumapiriko kukuzizira choncho?"

"Kukuzizira, amayi," anayankha Marisa, ndipo mantha onse anathera pomwepo.

Anayankhula mosinthana. Marisa anafotokoza za munda ndi kachipangizo koyezera. Benvinda anayendetsa pulogalamu, naonetsa masiku asanu a mu Febuluwale amene inachenjeza za chiwawu, ndi zithunzi za masamba amene anayamba kuda patangopita masiku atatu. Vidiyo inaima kawiri, koma palibe amene anadandaula. Oweruza anafunsa mafunso ambiri kuposa nthawi imene anawapatsa. Pomaliza mayi wa magalasi uja ananena kuti zotsatira zidzatuluka Lachisanu, nawonjezera kuti akufuna manambala onse a dzinja lija awatumizire.

Vidiyo itatha, Benvinda anagona chagada pansi pa simenti yozizira, akuseka osatha kuleka. Marisa anathamangira kuchipata kukauza a Hermínio, koma anawapeza ali pawindo, pamene anaonerera zonse.

7. Mlendo wa pamota

Akutseka sala, mota, njinga yamoto, inalowa pachipata itachita fumbi. Anatsika mayi wovala yunifolomu yoyera pansi pa jekete lalikulu, navula chisoti.

"Ndine Bernadete, namwino wa pa chipatala chaching'ono cha kuseri kwa phiriko," anatero. "Ndikufuna a pulofesora a makomputadolo."

"Ali ku Tete," anayankha a Hermínio. "Abwera Lachiwiri."

Mayiyo anakhala pa sitepe. "Lachiwiri n'kutali. Komputadolo yathu ndi ya mtundu womwewu, tinalandira limodzi ndi sikola ino. Dzulo mnzanga anavomera zatsopano, ndiye lero sikuona intaneti. Fomu yoitanitsira katemera wa ana ili momwemo, ndipo ikapanda kutumizidwa Lolemba m'mawa, galimoto ya mankhwala idzatidutsa mwezi uno. M'komputadolomo mulinso mayina a odwala onse a m'dera lathu. Sindingalole aliyense kuigwira, koma sindikudziwa kolowera."

Marisa anatembenukira kwa Benvinda. A Hermínio nawonso anamuyang'ana. A Bernadete anatsatira maso awo mpaka anafika pa mtsikana wa bulauzi yoyera, wofumbata kope pachifuwa.

"Mwana uyu?" anafunsa.

"Wakonza yathu lero," anatero Marisa. "Kawiri."

"Ndinenso ndinaiononga," anatero Benvinda. "Ndipo kwathu sakudziwa kuti ndingapite kwina."

Anaimbira a Celina. Foni inali yozimitsanso. A Bernadete anaimirira, namasula chisoti chachiwiri chimene chinamangidwa kumbuyo kwa mota, namutambasulira.

"Kwanu tidzera konko, ndikapemphe ndekha kwa mayi ako," anatero. "Koma undiuze zoona usanakwere. Ukaigwira, mayina aja sasowa?"

"Sindifufuta chilichonse, ndipo chimene sindikuchidziwa sindichigwira," anayankha Benvinda, nalandira chisoticho.